Kodi Matsenga Amayenda M'magazi?

M'mwezi wa Ogasiti chaka cha 2005, magazini yolemekezeka ya akatswiri a sayansi yotchedwa Nature, imene imasindikizidwa ku London, idatulutsa kalata yaifupi yochokera kwa anthu atatu ofufuza za matenda a ana mumzinda wa Melbourne ku Australia, omwe mayina awo ndi Jeffrey Craig, Renee Dow ndi MaryAnne Aitken. Owerenga adayembekeza kumva za khansa kapena za malungo, koma kalatayo inkakamba za Harry Potter, mnyamata wa m'nthano amene sadakhalepo ndi moyo, ndipo funso la anthu ophunzira bwinowa lidali lakuti: kodi mphamvu ya matsenga imene mnyamatayu ali nayo idamufika bwanji kuchokera kwa makolo ake? Anthu adaseka, aphunzitsi adakondwa, ndipo kuyambira pamenepo masewerawa sadalekeke. Ifenso tidaseka nawo. Koma titaseka tidakhala pansi n'kulingalira, ndipo tapeza kuti tili ndi chifukwa ndi masewerawa, chimene tifuna kuchitula pamaso panu, inu makolo ndi aphunzitsi.

Kwa amene simudawerenge mabukuwa, nkhani yake ili motere. Mayi J. K. Rowling, mlembi wa ku Britain, adalemba mabuku 7 pakati pa 1997 ndi 2007, ndipo m'mabukumo anthu a dziko lapansi ali m'magulu awiri. Ena amabadwa ndi mphamvu ya matsenga, ndipo akakwanitsa zaka 11 amaitanidwa kusukulu ya Hogwarts kuti akaphunzire kuigwiritsa ntchito. Ena onse, monga inu ndi ife, alibe mphamvuyo, ndipo amatchedwa Muggle. Nthawi zina makolo awiri achi-Muggle amabala mwana wamatsenga, monga Hermione Granger, amene bambo ndi mayi ake ndi madokotala a mano. Nthawi zinanso, ngakhale si kawirikawiri, makolo awiri amatsenga amabala mwana wopanda kanthu, amene amatchedwa Squib, monga Argus Filch, wosamalira nyumba za sukuluyo. Tanena dala kuti amatsenga osati mfiti, pakuti mfiti ya kwathu kuno imadya anthu ndi kufukula manda, pomwe awa ndi ana a sukulu ochita nkhawa ndi mayeso.

Pali Akhristu ena amene amaopa mabukuwa ngati njoka. Adawatentha ku Alamogordo m'dziko la America mu 2001, ndipo ansembe ena ku Gdańsk m'dziko la Poland adachitanso chimodzimodzi mu 2019, ngakhale pambuyo pake wotsogolera zimenezo adapepesa. Ndi amenewa sititaya nawo nthawi yambiri. Mwana woleredwa ndi nthano za Kalulu ndi Fisi amadziwa bwino lomwe kuti kalulu salankhula, ndipo palibe gogo amene adaimbidwapo mlandu wa bodza chifukwa chonena kuti padangotero. Mkangano wathu uli ndi anthu ochenjera, amene amaikonda nthanoyo mpaka kufuna kuiyeza m'magazi.

Kuti mlandu umveke, tiyambe ndi munthu amene adatsegula khomo la maphunziro onsewa. Gregor Mendel adali wansembe wa chipani cha Augustino Woyera mumzinda wa Brno, umene lero uli m'dziko la Czech Republic. Kuyambira 1856 mpaka 1863 adalima nsawawa m'munda wa nyumba ya amonke, mitengo pafupifupi 28,000, akumakwatitsa mtundu wina ndi unzake ndi dzanja lake, n'kumawerenga zotuluka modekha ngati wowerenga zopereka za pa Mulungu. Atakwatitsa nsawawa za mbewu zosalala ndi za mbewu zamakwinya, ana onse adatuluka osalala, makwinya n'kuzimiririka ngati sadakhalepo. Koma ana amenewo atabereka, makwinya adatulukiranso mwa adzukulu: mbewu zosalala 5,474, zamakwinya 1,850, ndiye kuti zitatu pa imodzi. Pa mtundu wa mbewu zidatero ndithu, zachikasu 6,022, zobiriwira 2,001. Mendel adazindikira kuti chamoyo chimalandira timbewu tiwiri ta khalidwe lililonse, kena kwa bambo kena kwa mayi, ndipo kuti kena kamalamula pomwe kanzake kamabisala, kudikira tsiku limene kadzakumane ndi kobisala kanzake. Adasindikiza zimenezi mu 1866, anthu osasamalako, ndipo adamwalira mu 1884 ali mkulu wa nyumba ya amonkeyo, dziko lisadadziwe chimene adapeza kufikira 1900. Timbewuti tidapatsidwa dzina loti jini mu 1909. Mwatsoka m'chinenero chathu tikachulukitsa timati majini, mawu omwewo amene timatchulira mizimu yovutitsa anthu imene asing'anga amati amatulutsa, kotero kuti mphunzitsi wa sayansi akati nonsenu muli ndi majini, ana ena amayang'ana kukhomo.

Tsono atatu a ku Melbourne aja adatenga lamulo la Mendel n'kuliika pa Hogwarts. Adati jini ya matsenga ndi yobisala, ya chi-Muggle ndi yolamula. Wamatsenga ndi amene walandira zobisala ziwiri. Makolo a Hermione aliyense adasenza jini yobisala imodzi osadziwa, ndipo mwana wawo adagwera pa mwayi umodzi mwa inayi, monga nsawawa yamakwinya. Adaonjeza kuti njira imeneyi ingathandize kuphunzitsa za chibadwa ngakhale kwa ana a zaka 5. N'zokoma kumva, ndipo zimalongosola bwino chifukwa chake m'banja la Evans mwana mmodzi, Lily, mayi wa Harry, adali wamatsenga pomwe mkulu wake Petunia sadali.

Koma sipadapite milungu yambiri, akatswiri ena atatu a za zomera a pa yunivesite ya Cambridge, Antony Dodd, Carlos Hotta ndi Michael Gardner, adayankha m'magazini yomweyo kuti anzawowo adathamanga, pakuti umboni wakuti matsenga ndi a chibadwa ndi wosakwanira. Ndipo aliyense wodziwa mabukuwa angathe kuona pamene denga likudontha. Ngati jiniyo ndi yobisala, makolo awiri amatsenga alibe china chopatsa mwana koma matsenga okhaokha. Nanga Filch wachokera kuti? Ndiponso wamatsenga akakwatira Muggle, ana sangakhale amatsenga pokhapokha Muggleyo atakhala wosenza jini yobisala, ndipo ngakhale zitatero ndi theka lokha la ana limene lingayembekezeke kutero. Komabe m'mabukumo maukwati otere amangobala amatsenga: Seamus Finnigan, Severus Snape, ndi Voldemort mwiniwake, mdani wamkulu, onsewa bambo awo adali a Muggle. Tikatembenuza n'kunena kuti jiniyo ndi yolamula, monga Mayi Rowling adanenapo iwo eni, denga lidonthanso pena. Jini yolamula sibisala. Makolo a Hermione akadakhala nayo akadaoneka, ndipo abale awiri a banja la Creevey, Colin ndi Dennis, ana a munthu wamba wogulitsa mkaka, sakadatuluka onse awiri amatsenga.

Poona izi ochenjera sadagwe mphwayi. Mu Disembala 2007 magazini ya madokotala ya BMJ, imene pa Khirisimasi imasindikiza nkhani zoseketsa, idatulutsa kafukufuku wa akatswiri a ku Oxford wonena kuti majini ake ndi ambiri ogwirira ntchito pamodzi, ndi kuti maluso ena, monga kulankhula ndi njoka, ali ndi jini yawoyawo. Mu 2012 wophunzira wina wa ku America, Andrea Klenotiz, adabwera ndi nzeru yoposa zonsezi. Adakumbutsa za nthenda ya Huntington, imene jini yake idapezeka mu 1993: m'jiniyo muli kachigawo ka zilembo zitatu kamene kamabwerezedwa, ndipo kubwerezako kukafika 40 nthenda imabuka, pomwe kukachepera pa 36 munthu amakhala bwino. Popeza chiwerengerochi chimatha kukula kapena kuchepa pochoka kwa kholo kupita kwa mwana, iye adati matsenga akhoza kukhala otero: Hermione adadumpha malire kukwera, Filch adawadumpha kutsika. Timuombere m'manja, pakuti mwana amene wamvetsa zimenezi waphunzira sayansi yeniyeni. Koma taonani chimene chachitika. Nthawi iliyonse nthano ikakana kulowa m'dengu, ochenjera aluka dengu lina lokulirapo, ndipo sadziwa kuleka, chifukwa onse avomereza kale, asadayambe n'komwe, kuti yankho liyenera kupezeka m'magazi.

Ndani m'mabukumo amene amakhulupirira kuti matsenga ali m'magazi? Ndi anthu oipa. Ndi banja la Malfoy, lodzitama kuti magazi awo ndi oyera, lotukwana Hermione ndi dzina lonyoza lotanthauza kuti magazi ake ndi amatope. Ndi banja la Black, limene lidajambula mtundu wawo wonse pa nsalu ya pakhoma n'kumawotcha dzina la aliyense wokwatira kunja. Ndi banja la Gaunt, limene lidakwatirana pachibale kufikira lidasanduka amphawi amisala okhala m'chisakasa, monga momwe banja lachifumu la Habsburg ku Spain lidathera mwa Charles II, amene adamwalira mu 1700 ali wodwaladwala ndi wopanda mwana. M'buku lomaliza boma la oipawo likhazikitsa bwalo lolemba mayina a onse obadwa kwa a Muggle, n'kumawafunsa kuti matsengawo adaba kwa yani, popeza kumtundu kwawo kulibe. Mayi Rowling adanenapo kuti ataona zikalata zimene chipani cha Nazi chinkagwiritsa ntchito poyeza mtundu wa munthu, adapeza kuti kaganizidwe kake n'kamodzimodzi ndi ka anthu oipa a m'nthano yawo. Tsono katswiri akatenga choko n'kuyamba kujambula mabokosi a Mendel pofuna kupeza kuti Hermione matsenga adawatenga kuti, akufunsa funso lomwelo limene bwalo lija linkafunsa. Akulifunsa akumwetulira, inde, koma funso ndi lomwelo.

Mlembi mwiniwakeyo sitimusiya wopanda mlandu. Mtima wa mabuku ake ukunena kuti kubadwa kulibe kanthu, chofunika ndi zimene munthu asankha kuchita, ndipo Hermione aposa m'kalasi ana onse a mabanja odzitama. Koma mafupa a nthanoyo akunena zina. Petunia ali mwana adalembera kalata mkulu wa sukulu kupempha kuti naye amulandire, ndipo adakanidwa, mwaulemu koma kotheratu, n'kukula ali mayi wowawidwa mtima amene adazunza mwana wa mng'ono wake. Filch adalembetsa mwakabisira maphunziro a matsenga odzera pa positi, koma adangotaya ndalama, n'kupitiriza kukolopa m'makonde momwe ana a zaka 11 akuchita zimene iye sadzachita mpaka imfa. M'dziko limenelo khama silitsegula khomo, pemphero silitsegula, chifundo sichitsegula. Wabadwa nazo kapena ayi. A Malfoy adalakwa pa malo oika mpanda, koma kuti mpandawo ulipo, nthano yonse ikuvomereza.

Matendawa sali mwa Mayi Rowling okha. M'mafilimu oyamba a Star Wars, kuyambira 1977, mphamvu yodabwitsa ya ankhondo achi-Jedi idali chinthu chozungulira zamoyo zonse, chimene munthu amaphunzira kuchimvera pokhala chete. Mu 1999 opanga filimuyo adaganiza zoilongosola, ndipo tidaona mphunzitsi akutenga dontho la magazi a kamnyamata Anakin n'kulitumiza kukayezetsa, yankho n'kubwera kuti tizilombo ta mphamvuyo tapitirira 20,000, ngati kuti akuyeza malungo. Mu 2017 filimu ina idalimba mtima n'kunena kuti Rey, mtsikana wamphamvu wa nkhaniyo, makolo ake adali anthu wamba osadziwika. Ena mwa oonera adakwiya, ndipo mu 2019 filimu yotsatira idabweza mawuwo: Rey adasanduka mdzukulu wa mfumu yoipa Palpatine. Zikuoneka kuti anthu a makono, amene amanyadira kuti adasiya kugwadira mafumu, sangapirire kuona mwana wa mmphawi ali ndi mphatso popanda kumufunira agogo otchuka.

Wina adzati, kodi zonsezi si masewera chabe? Tiyeni tikumbutsane kumene masewera a mtundu umenewu adapitako kale. Mu 1869 Francis Galton, msuweni wa Charles Darwin, adalemba buku lotchedwa Hereditary Genius, momwe adawerenga mabanja a oweruza, akazembe ndi alembi otchuka a ku England, n'kupeza kuti ana a otchuka amakhalanso otchuka. Sadaganize mozama kuti mwana wa woweruza amakulira pakati pa mabuku, amadya katatu ndipo amapita kusukulu yabwino. Adati luntha lili m'magazi. Mu 1883 adapereka dzina ku maphunziro atsopano osankha anthu oyenera kubala, monga mlimi asankhira nkhunzi. Otsatira ake adatenga lamulo la nsawawa la Mendel n'kuliika pa umphawi, pa uchidakwa, pa kuba ndi pa kupepera nzeru, akumajambula mitundu ya mabanja ndi mabokosi akuda ndi oyera. Ku America anthu oposa 60,000 adatsekedwa mokakamiza kuti asabale. Ku Germany lamulo la 1933 lidachita zomwezo kwa anthu pafupifupi 400,000, ndipo malamulo a ku Nuremberg a 1935 adayamba kuyeza munthu powerenga agogo ake anayi. Papa Pius XI adatsutsa kutseka anthu kotereku mu Disembala 1930, nthawi imene aphunzitsi ambiri a m'mayunivesite ankakuyesa nzeru zapamwamba. Azibambo athu amene adapita ku Joni adaona mchira wa chilombo chomwechi m'lamulo la South Africa la 1950 lolemba munthu aliyense mtundu wake, limene lidathetsedwa mu 1991. Anthu onsewa sadali mbuli za sayansi. Adali ndi theka la sayansi, theka lomwelo limene limaphunzitsidwa ponena kuti khalidwe limodzi, jini imodzi.

Pakuti zoona zake n'zakuti Mendel adasankha mwanzeru makhalidwe 7 a nsawawa amene amatsata lamulo losavutali, ndipo makhalidwe ambiri a munthu satero. Kutalika kwa msinkhu, chinthu choyezeka ndi chingwe, kafukufuku wa mu 2022 wa anthu oposa 5 miliyoni adapeza kuti kumakhudzidwa ndi malo oposa 12,000 a m'chibadwa chathu, osawerengera phala limene mwana adadya kapena sadadye. Ngati msinkhu uli wotero, nanji luntha, nanji luso loimba, nanji mtima wabwino? Makolo athu adali ndi miyambi iwiri yokokana. Wina umati make mbuu, mwana mbuu. Wina umati m'mimba ndi m'chipala, kutanthauza kuti mayi mmodzi amasula khasu lero, mawa nkhwangwa. Sayansi yakhwima yapeza kuti miyambi yonse iwiri ili ndi mbali yake, koma masewera a jini ya matsenga amaphunzitsa woyamba wokha.

Ku London ndi ku Melbourne angathe kusewera motere mopanda mantha, chifukwa kumeneko palibe amene adzagendedwe mawa poganiziridwa kuti ali ndi jini ya matsenga. Kwathu kuno nkhani ya mphamvu zobisika zoyenda kumtundu ili ndi maliro ake. Katswiri wa chikhalidwe cha anthu E. E. Evans-Pritchard adalemba mu 1937 za Azande a ku chigawo chimene lero ndi South Sudan, amene ankakhulupirira kuti ufiti ndi kanthu kogwirika ka m'mimba kotchedwa mangu, kochoka kwa bambo kupita kwa ana aamuna ndi kwa mayi kupita kwa ana aakazi, ndipo ankang'amba mtembo kuti akaone. Imeneyo ndi jini ya matsenga yeniyeni, yopezeka kale magazini ya Nature isadaiganize. Max Marwick, amene adakhala pakati pa Achewa a m'dera la Chipata ku Zambia n'kusindikiza buku lake mu 1965, adapeza kuti ambiri onenezana ufiti adali anthu a bere limodzi, olimbirana minda, chuma ndi maudindo. Ndipo ndani mwa ife sadamvepo m'mudzi kuti banja lakutilakuti musakwatireko, ufiti ndi wa kumtundu, agogo awo adali otero, ana akuphunzitsidwa usiku? Lamulo la dziko lino la 1911 limaletsa kunenera munthu ufiti, koma mu Januwale 2016 m'boma la Neno nkhalamba zinayi zidaphedwa mwankhanza pambuyo poti mtsikana wina waombedwa ndi mphenzi. Amene adazipha sadawerengepo Harry Potter, ndipo sitikunena kuti buku ndilo limapha. Tikunena kuti mwana wa kwathu amene masana aphunzira kusukulu, mwa nthabwala, kuti mphamvu zachilendo zimayenda ndi majini, madzulo akamva kwa azakhali kuti ufiti wa banja lija uli m'magazi, adzaona ngati sayansi yavomereza azakhali.

Evans-Pritchard adaonanso chinthu china chimene chatikhalira m'mutu. Ngati ufiti ndi wotengera kwa bambo, ndiye kuti mwamuna mmodzi akapezeka ndi mangu, fuko lake lonse ndi mfiti, pakuti onse adachokera kwa kholo limodzi. Azande ankaliona tanthauzo limeneli koma sankalitsata mpaka kumapeto. Abale a wopezekayo ankangoti ameneyo sadali mwana wa bambo wathu, mayi ake adachita chigololo. Chikhulupiriro chidapulumuka chifukwa anthu ankaima pakati pa njira. Nawonso osewera ndi jini ya Hogwarts amaima pakati pa njira: afika pa Hermione, mabokosi akwanira bwino, belu lalira, ana atuluka. Filch satchulidwa, kapena atchulidwa ndi mawu aatali a Chingerezi ophimba dzenje.

Chifukwa chake ife sitikupempha kuti masewerawa aletsedwe. Tikupempha aphunzitsi kuti akawayamba aziwafikitsa kumathero. Mwana ajambule mabokosi a Hermione, kenaka mumpatse Filch, kenaka Snape, kenaka abale a Creevey, aone yekha lamulo likusweka m'manja mwake, ndipo aphunzire kuti wasayansi woona ndi amene amavomera kuti ganizo lake lagwa. Atatu a ku Cambridge aja adaphunzitsa zambiri ndi kalata yawo yotsutsa kuposa atatu a ku Melbourne. Ndipo alembi athu achinyamata amene ayamba kulemba nthano za mtundu umenewu asathamangire kukopera mafupa a Hogwarts. J. R. R. Tolkien, ngakhale adakonda mibadwo ya mafumu mopitirira muyeso, katundu wolemera wa nthano yake adamsenzetsa Frodo, kamunthu kopanda mphamvu iliyonse yobadwa nayo. M'nthano za agogo athu mphatso yodabwitsa imagwera mwana wamasiye amene adaima panjira kuthandiza nkhalamba yazilonda, ndipo mwana wa mfumu akapita kukatsanzira ndi mtima wonyada amabwerako ndi tsoka. Palibe amene amafunsa kuti wamasiyeyo agogo ake adali yani.

Koma ngati tifuna chitsanzo chophunzitsira lamulo la Mendel chimene sichisweka, tilibe chifukwa chopitira ku Hogwarts. Kalembera wa 2018 adapeza anthu achialubino oposa 134,000 m'Malawi muno. Ualubino umatsata lamulo la nsawawa ndendende: bambo wakhungu lakuda asenza jini yobisala, mayi wakhungu lakuda asenza inzake, ndipo pa mimba iliyonse pali mwayi umodzi mwa inayi kuti ziwirizo zikumane, mwana n'kubadwa wopanda utoto woteteza khungu ndi maso ku dzuwa. M'mafupa mwake mulibe golide, mulibe mwayi, mulibe matsenga, ngakhale kuyambira 2014 abale athu amenewa akhala akubedwa, kuphedwa ndi kufukulidwa m'manda chifukwa cha bodza limenelo. Nthenda ya sickle cell, imene imazunza ana ambiri m'zipatala zathu, imayendanso momwemo. Komabe mpaka lero mwana wotere akabadwa, kawirikawiri ndi mayi amene amalozedwa chala, kuti adayenda ndi mzungu, kuti adalodzedwa, kuti kwawo n'kotembereredwa, ndipo amuna ena amanyamula chikwama n'kuchoka. Phunziro limeneli silisowa labotale. Pa msonkhano wa mphakati, pa sikelo ya ana, kapena pabwalo la mfumu, munthu mmodzi wodziwa atole kamtengo, ajambule pansi mabokosi anayi, alembe zilembo ziwiri za mayi m'mbali ndi ziwiri za bambo pamwamba, adzaze mabokosiwo limodzilimodzi anthu akuona, ndipo bamboyo, ngati ali pomwepo, aone ndi maso ake kuti chimodzi mwa zilembo ziwiri za m'bokosi lachinayi n'chake.